BELU LOMALIZA LIKALIRA, NTCHITO YA SUKULU ISATHERE POMWEPO

Munthu amene angatsegule nyuzipepala yaing'ono ya m'tauni ina ya m'chigawo cha Indiana kapena cha Ohio, m'dziko la America, akafika ku masamba a kumapeto kawirikawiri amapeza nkhani ziwiri zitagundana mapewa. Yoyamba imanena za anyamata kapena asungwana a sukulu ya sekondale ya pamalopo amene apambana, kapena agonja, pa masewero a basiketibolo Lachisanu usiku. Yachiwiri ndi kachidziwitso ka mizere yowerengeka, kakuti gulu la anthu okonda wayilesi zolankhulirana lidzasonkhana tsiku lakutilakuti m'chipinda cha laibulale kapena cha ozimitsa moto, ndi kuti aliyense wofuna kulemba mayeso a chiphaso cha wayilesi afike msanga.

Mlendo wothamanga angaziseke nkhani zotere, nanena kuti mkonzi anasowa cholemba. Ife a nyuzipepala ino sitiziseka ayi, ndipo lero tifuna kufotokozera akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi athu chifukwa chake, pakuti tikuona kuti m'sukulu zathu zambiri zinthu za mtundu umenewu zikukankhidwira kunja mwakachetechete, ndipo palibe amene akufunsa kuti tikutaya chiyani.

Tiyambe ndi mpirawo. Aphunzitsi ambiri sadziwa kuti masewero a basiketibolo anayambitsidwa ndi mphunzitsi mnzawo, ndiponso kuti anawayambitsa pofuna kuthetsa vuto la mwambo m'kalasi. M'mwezi wa Disembala chaka cha 1891, James Naismith, mbadwa ya dziko la Canada, anali kuphunzitsa pa sukulu ya bungwe la YMCA mu mzinda wa Springfield, ku Massachusetts. Inali nyengo ya chisanu choopsa chimene sichilola munthu kusewera panja, ndipo anyamata 18 a m'kalasi mwake anali atatopa ndi kudumphadumpha kopanda cholinga, nayamba kuvuta. Mkulu wake, Luther Gulick, anamulamula kuti apeze masewero a m'nyumba oti anyamatawo awakonde. Naismith anakhomera madengu awiri otolera zipatso m'mwamba, mapazi 10 kuchokera pansi, analemba malamulo 13, nagawa anyamatawo 9 mbali iyi 9 mbali inayo, n'kuwapatsa mpira wa miyendo kuti aziponya ndi manja. Mpaka lero lino mkombero wa basiketibolo umakhala pa msinkhu womwewo wa mapazi 10. Ife amene tinadutsa m'makoleji a uphunzitsi tikumbukira mmene ankatiuzira kuti mphunzitsi wabwino amagwiritsa ntchito chimene chili pafupi, ndipo chitsanzo choposa madengu a Naismith sitikuchidziwa.

Masewerowa atafika ku Indiana anapeza nthaka yachonde. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Midzi ya alimi a chimanga ya kumeneko inali ndi sukulu zing'onozing'ono zimene sizikanatha kupeza anyamata okwanira masewero ofuna anthu ambiri, pamene basiketibolo imafuna anthu asanu okha m'bwalo. Komanso nyengo yake imagwa pakati pa kukolola ndi kubzala, pamene mwana wa mlimi ali ndi mpata. Chotero sukulu iliyonse inakhala ndi timu yake, ndipo mudzi wonse unkasonkhana m'holo ya sukulu madzulo a Lachisanu, alimi, abusa, eni masitolo, agogo ndi adzukulu awo. Tauni ya New Castle inafika pomanga holo ya sukulu ya sekondale yokhala anthu oposa 9,000.

Nkhani imene anthu a kumeneko saileka kuisimba ndi ya chaka cha 1954. Masiku amenewo sukulu zonse za m'chigawocho, zazikulu ndi zazing'ono, zinkalowa mpikisano umodzi wokha, wogonja n'kutulukiratu. Sukulu ya Milan, ya m'katauni ka anthu ongopitirira pang'ono 1,000, inali ndi ophunzira 161 basi. Mphunzitsi wawo wa masewero, Marvin Wood, anali mnyamata wa zaka 26, munthu wofatsa amene ankaumirira pa kupatsirana mpira mwadongosolo. Anyamata akewo anagonjetsa sukulu ndi sukulu mpaka anafika pa ndime yomaliza mu mzinda wa Indianapolis, kumene anakumana ndi Muncie Central, sukulu yokhala ndi ophunzira ochuluka pafupifupi kakhumi kuposa iwo. Wood anadziwa kuti akati athamangitsane ndi anyamata ataliatali a ku Muncie, ake atopa msanga. Tsono m'chigawo chomaliza cha masewerowo, pakuti nthawi imeneyo kunalibe lamulo loletsa, anauza mnyamata wake Bobby Plump kuti angoima ndi mpira m'manja. Plump anaima choncho kwa mphindi zoposa zinayi, khamu lonse likusokosera, mitima ili m'mwamba. Kutangotsala kanthawi kochepa kwambiri kuti masewero athe, anayenda chakumanja, nalumpha, naponya, mpira n'kulowa. Milan inapambana 32 kwa 30.

Ena amamva nkhaniyi ngati nthano ya kalulu ndi njovu, ndipo a kanema anaikometsera ndithu pamene anapanga filimu ya Hoosiers mu 1986. Koma ife chimene chimatigwira mtima n'chakuti timuyo sinagwe kuchokera kumwamba. Chaka cha 1953 anyamata omwewo anali atafika kale pakati pa matimu anayi otsiriza. Anali atasewera limodzi kuyambira ali ana, m'mabwalo a kuseri kwa nyumba ndi m'makola, ndipo panali aphunzitsi amene ankatsalira nawo madzulo anzawo atapita kwawo. Ena mwa anyamatawo anadzakhala aphunzitsi iwonso. Dzina la tauniyo ndi chaka cha 1954 zinalembedwa pa thanki ya madzi ya m'mwamba kuti aliyense wodutsa aziona.

Tisabise mbali yoipa, pakuti mbiri yosimba zokoma zokhazokha ndi bodza. Paulendo wopita ku chikho, Milan inagonjetsa sukulu ya Crispus Attucks ya ku Indianapolis, imene inamangidwira ana a anthu akuda okhaokha chifukwa cha tsankho, ndipo kufikira m'zaka zoyambirira za m'ma 1940 sukulu zotere sizinkaloledwa n'komwe kulowa mpikisanowo. Sukulu ya Attucks, motsogozedwa ndi mnyamata wotchedwa Oscar Robertson, inatenga chikhocho mu 1955, n'kuchitenganso mu 1956 osagonjako ngakhale kamodzi chaka chonse. Bwalo la masewero linaonetsa poyera zimene akuluakulu a mzindawo sanafune kuvomereza. Kuipa kwina n'kwakuti matauni ena anafika popembedza mpirawo, nachotsa ntchito mphunzitsi wabwino chifukwa cha kugonja kwa nyengo imodzi. Zimenezo sitikuzifuna kuno. Ndipo kuyambira nyengo ya 1997 mpaka 1998, Indiana inagawa mpikisano uja m'magulu anayi molingana ndi kukula kwa sukulu, kotero kuti za Milan sizingachitikenso. Anthu a kumeneko akutsutsanabe ngati kunali kulakwa kapena ayi. Ife tikuganiza kuti anapatsa ana ambiri zikho, koma analanda mwana wa kumudzi mwayi wodziyesa ndi wa mu mzinda, ndipo mwayi umenewo ndi waukulu kuposa chikho.

Tsopano za wayilesi, zimene kwa owerenga athu ambiri n'zachilendo kuposa mpira. Sitikunena za wayilesi youlutsa nyimbo ndi nkhani monga ya MBC. Tikunena za anthu wamba, alimi, aphunzitsi, madotolo, ana a sukulu, amene amalemba mayeso a Boma, napatsidwa chiphaso ndi dzina la zilembo ndi manambala loitanirana, ndipo amaloledwa kulankhulana ndi anzawo a m'dziko lawo ndi a maiko ena pa mafunde amene anawapatulira. Lamulo lake n'lakuti asalandirepo ndalama ndipo asachitirepo malonda. Azungu amawatchula kuti ma ham. Ku America kokha alipo oposa 700,000.

Mbiri yawo ili ndi phunziro kwa aliyense wogwira ntchito ya Boma. Sitima ya pamadzi ya Titanic itamira mu Epulo 1912, Boma la America linakhazikitsa lamulo loyendetsa za wayilesi, ndipo pofuna kuti anthu wambawa asasokoneze mauthenga a sitima ndi a asilikali, linawathamangitsira ku mafunde afupiafupi, a mamita 200 kutsika m'munsi, amene akatswiri a nthawiyo ankayesa kuti alibe ntchito. Kunali ngati kupatsa mwana wamasiye munda wa pamiyala. Koma anthuwo sanaleke. Mu 1914 Hiram Percy Maxim anayambitsa bungwe lawo la ARRL ku Hartford, lopatsirana mauthenga kuchokera kwa wina kupita kwa wina mpaka afike kumene akupita. Mu Disembala 1921 mmodzi wa iwo, Paul Godley, anakamanga hema ku Ardrossan, m'dziko la Scotland, namva mauthenga a anzake ochokera kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Mu Novembala 1923 Léon Deloy wa ku Nice, ku France, analankhulana ndi kuyankhana ndi Fred Schnell ndi John Reinartz a ku Connecticut pa mafunde a mamita pafupifupi 100. Chinsinsi chake n'chakuti kumwamba kwenikweni kuli mpweya umene kuwala kwa dzuwa kumaupatsa mphamvu ya magetsi, ndipo mafunde afupi akafika pamenepo amabwerera pansi kutali kwambiri ndi kumene anachokera, monga mwala wophwatalala umadumphira pa madzi a m'nyanja. Munda wa pamiyala uja ndiwo unapezeka wachonde koposa yonse, ndipo maboma ndi makampani anathamangira komweko. Mu 1925 anthuwa anakumana ku Paris nakhazikitsa bungwe lawo la dziko lonse.

Komatu chimene chimachititsa mkonzi wa nyuzipepala ya m'tauni yaing'ono kusunga malo a kachidziwitso kaja si mbiri imeneyi. Iye amakumbukira tsoka. Mu Januwale 1937 mtsinje wa Ohio unasefukira numiza mbali zazikulu za mizinda ya Louisville, Evansville ndi ina, mawaya a lamya n'kuduka, ndipo anthu a wayilesi zolankhuliranawa anali m'gulu la amene ananyamula mauthenga opempha mabwato, mankhwala ndi chakudya. Pa 3 ndi pa 4 Epulo 1974 akamvuluvulu oopsa 148 anagwa m'zigawo 13 za dzikolo, nagumula matauni monga Xenia ku Ohio ndi Monticello ku Indiana, ndipo zinachitikanso chimodzimodzi. Kutali ndi America, pamene madzi a m'nyanja anasefukira pa zilumba za Andaman mu Disembala 2004, kagulu ka anthu a ku India amene anapita ku Port Blair kukangosangalala ndi wayilesi zawo kanasanduka njira yotumizira mauthenga ku mtunda waukulu. Luso lotere silibwera tsiku la tsokalo. N'chifukwa chake chaka ndi chaka, kumapeto kwa mwezi wa Juni, magulu amenewa amatuluka ndi mahema, mabatire ndi mawaya kupita m'mapaki ndi m'mabwalo a sukulu, kukayesa ngati angathe kulankhulana usana ndi usiku wonse popanda magetsi a m'mawaya. Mwambo umenewu unayamba mu 1933.

Ndipo sukulu zili m'kati mwa zonsezi. Joseph Taylor, amene analandira mphotho ya Nobel pa sayansi mu 1993, anayamba ali mnyamata kumanga wayilesi ndi milongoti pamodzi ndi mbale wake pa munda wa makolo awo ku New Jersey. Kuyambira mu Disembala 2000, ana a sukulu a m'maiko ambiri akhala akufunsa mafunso kwa anthu okhala m'chombo chachikulu chozungulira dziko m'mlengalenga, kudzera pa wayilesi zomwezi, pa mphindi pafupifupi khumi zimene chombocho chimakhala chikudutsa pamwamba pawo.

Wina afunsa kuti, nanga zonsezi zikutikhudza bwanji ife a kuno, pamene aliyense ali ndi foni m'thumba? Funsoli n'loyenera, ndipo yankho lake tinaliona ndi maso athu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kupita pa nyumba za anthu ku Chilobwe, nadula misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo tinataya abale athu mazanamazana. Foni ya m'thumba imadalira nsanja, nsanja imadalira magetsi kapena mafuta, ndipo mafutawo amadalira msewu. Chimodzi chikaduka zonse zaima. Wayilesi ya mafunde afupi imangofuna batire ya galimoto, waya wa mamita pafupifupi 20 womangidwa pakati pa mitengo iwiri, ndi munthu wodziwa kuigwiritsa ntchito. Batire ndi waya zingagulidwe tsiku limodzi. Munthuyo ndiye amatenga zaka kuti apangidwe, ndipo malo omupangira ndi sukulu.

Dziko lathu lili ndi zilembo zake zoitanirana pa wayilesi, zimene maiko onse amazidziwa: dzina lililonse loyamba ndi 7Q ndi la Malawi. Popeza mawu ochokera kuno samvekamveka, anthu a ku Ulaya ndi kwina amasonkha ndalama, nabwera ndi katundu wawo kudzakhala masabata angapo, kuti anzawo a dziko lonse apeze mwayi wolankhula ndi Malawi. Alendowo tiwalandire bwino monga mwa mwambo wathu. Koma kunena zoona zimatichititsa manyazi kuti chuma chimene anthu amaolokera nacho nyanja, ana athu ambiri sanamvepo n'komwe kuti chilipo. Ndipo pasapezeke wonena kuti ana a kuno alibe mutu wa zinthu zotere. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, asanamange makina ake opanga magetsi ndi mphepo mu 2002, anayamba ndi kumasula ndi kukonza mawayilesi akale a anthu a m'mudzi. Anali atasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi, ndipo chimene chinamuthandiza chinali kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale. Tidzifunse kuti ndi angati onga iye amene akukhala m'makalasi mwathu lero, akulemba notsi za magetsi osagwirapo waya.

Apa ndi pamene nkhani ziwiri zija zimakumana, ndipo apa ndi pamene tili ndi dandaulo. Timu ya mpira ndi gulu la wayilesi zonse zimakhala ndi moyo pakati pa belu lomaliza ndi kulowa kwa dzuwa, ndipo zonse zimapachikika pa mphunzitsi mmodzi wodzipereka. Nthawi imeneyi ndi imene ikulandidwa. Tikumva za aphunzitsi aakulu amene, poopa zotsatira za mayeso a Fomu 4, asandutsa madzulo onse kukhala makalasi obwereza, ngati kuti mwana amene wakhala pa benchi kuyambira m'mawa angamve zambiri pomuonjezera maola ena awiri. Taona mabwalo a simenti amene anamangidwa ndi thukuta la makolo atang'ambika, udzu utamera m'ming'alu, mikombero itathyoka, pena atasanduka poanikira chimanga. Taona zipangizo za sayansi zitatsekeredwa m'kabati kuopa kuti zingaonongeke, mpaka zinachita dzimbiri zisanagwirepo ntchito. Mmera m'poyamba, anatero akuluakulu, ndipo mwana amene sanaphunzire ali mu Fomu 1 kupatsa mnzake mpira pamene iye mwini akufuna kuponya, kapena kudikira mnzake amalize kulankhula pa wayilesi asanayankhe, adzavuta kumuphunzitsa umodzi ndi mwambo atakula.

Sitikunena kuti basiketibolo ilowe m'malo mwa mpira wa miyendo kapena wa ntchemberembaye, umene asungwana athu atchukitsa nawo dziko lino kunja. Tikungokumbutsa kuti bwalo lake ndi la mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, lokwana ngakhale pa sukulu ya mu mzinda yopanda malo, ndi kuti mkombero wake mmisiri wowotcherera zitsulo wa pa msika angaupange tsiku limodzi. Sukulu ya kumudzi ya ana ochepa, imene singathe kupeza anyamata 11 odalirika, ingapeze asanu.

Kwa akuluakulu a maphunziro m'maboma tili ndi pempho limodzi limene silifuna ndalama. Posamutsa mphunzitsi, funsani kuti kupatula maphunziro a m'kalasi iye amayendetsa chiyani, ndipo ndani adzachitenge akachoka. Magulu ambiri abwino afa ndi kalata imodzi yosamutsa munthu, yolembedwa ndi kalaliki amene sanadziwe kuti akupha kanthu. Ndipo polemba malipoti a aphunzitsi ofuna kukwezedwa pa ntchito, maola a madzulo amenewa alembedwe ndi kuwerengedwa, pakuti mphunzitsi naye ali ndi banja limene limamudikira.

Kwa a makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, tikuti sukulu za sekondale ndizo kale malo amene anthu amathawirako madzi akasefukira. N'kwanzeru tsono kuti m'maboma a kumunsi kwa Shire ndi a m'mphepete mwa phiri la Mulanje mukhale sukulu zingapo zokhala ndi wayilesi yotere, mphunzitsi wa sayansi wokhala ndi chiphaso, ndi ana ozolowera kuiyesa mwezi ndi mwezi. Ziphaso za wayilesi m'dziko muno zili m'manja mwa bungwe la MACRA, ndipo tikhulupirira kuti Unduna wa Maphunziro utakhala nawo pansi, njira yopepuka ya magulu a m'sukulu ingapezeke. Lamulo liyenera kutsatidwa mosaphonya, pakuti mafunde ndi chuma cha dziko ndipo wosewera nawo mosadziwa angasokoneze mauthenga a ndege kapena a apolisi. Koma mphunzitsi asadikire zonsezo. Angayambe mawa lomwe ndi kumvetsera chabe, ndi wayilesi yakale ya mafunde afupi, waya wautali ndi mapu a dziko lonse pakhoma, ana akulemba m'kope maiko amene amva ndi nthawi yake, mpaka adzifunse okha chifukwa chimene mawu ena amamveka usiku wokha.

Pomaliza tivomere kulakwa kwathu. Nafenso a nyuzipepala takhala tikudzaza masamba ndi misonkhano ya m'mahotela, pamene zotsatira za masewero a sukulu zimatayidwa m'dengu chifukwa chosowa malo. Tikupempha aphunzitsi aakulu onse amene ali ndi timu ya basiketibolo, ya anyamata kapena ya asungwana, kapena kagulu ka sayansi kochita za wayilesi, ngakhale kakhale ka ana atatu, kuti atilembere kalata yonena dzina la sukulu, tsiku limene amakumana ndi zotsatira za masewero awo. Makalatawo azifika ku ofesi ya mkonzi pofika Lachitatu masana, kuti atuluke m'nyuzipepala ya Loweruka.